Diwali: Cikondwerero ca Nyale

Ku Zambia kuli anthu a zipembedzo zosiyanasiyana. Ena ndi Akhristu, ena ndi Asilamu, ena ndi Ahindu. Makolo a Ahindu ambiri anacokera ku dziko la India. Lero ana awo ndi adzukulu awo amakhala ku Lusaka, ku Ndola, ku Livingstone ndi m'matauni ena.

Ahindu ali ndi cikondwerero cacikulu. Dzina lake ndi Diwali. Dzinali litanthauza "mzere wa nyale".

Kodi Diwali imacitika liti?

Diwali imabwera kamodzi pa caka, mu Okutobala kapena mu Novembala. Kuno ku Kanakantapa nthawi imeneyi kumatentha kwambiri. Alimi amakonza minda ndi kudikira mvula. Koma ku India mvula imakhala itatha, ndipo alimi amakolola.

Tsiku la Diwali limasinthasintha cifukwa Ahindu amawerenga masiku poyang'ana mwezi kumwamba. Cikondwereroci cimatenga masiku asanu. Tsiku lalikulu ndi lacitatu. Usiku wake mwezi suoneka, kumakhala mdima bii! Mu 2022, Diwali inali pa 24 Okutobala, tsiku limene timakumbukira ufulu wa Zambia. Mu 2023 inali pa 12 Novembala.

Nanga nyale ndi za ciani?

Ahindu amasimba nkhani ya Rama, mwana wa mfumu. Rama anakhala kutali ndi kwawo zaka 14. Mfumu yoipa, dzina lake Ravana, inaba Sita, mkazi wa Rama. Rama anamenya nkhondo, nagonjetsa Ravana ndi kupulumutsa Sita. Pobwerera kwawo ku Ayodhya, anthu anayatsa nyale zambirimbiri kuti awalandire.

Ndiye cifukwa cake Ahindu amayatsa nyale. Amati kuwala kumagonjetsa mdima, ndipo cabwino cimagonjetsa coipa.

Kodi anthu amacita ciani?

Amasesa ndi kukolopa m'nyumba. Amajambula maluwa pansi, pakhomo, ndi ufa wamitundumitundu. Amavala zovala zatsopano. Madzulo amathira mafuta m'tinyale tadothi ndi kutiyika m'mizere. Amapemphera kwa Lakshmi, mulungu wawo wamkazi, kuti awadalitse. Amagawana maswiti ndi acibale komanso anzawo. Ena amaphulitsa makombola.

Koma samalani! Mu Okutobala udzu umakhala wouma. Kamoto kang'ono kangathe kutentha nyumba kapena nkhokwe. Mwana asayatse nyale kapena makombola popanda munthu wamkulu.

Mwina kwanu simucita Diwali. Komabe, mukakumana ndi mnzanu Mhindu, musamuseke. Mufunseni mwaulemu, adzakuuzani zambiri.

Mafunso

1. Kodi dzina la Diwali litanthauza ciani?
2. Diwali imabwera m'miyezi iti?
3. N'cifukwa ciani tsiku lake limasinthasintha?
4. Rama anakhala kutali ndi kwawo zaka zingati?

Zocita

Yang'anani kumwamba usiku uliwonse kwa sabata imodzi. Jambulani mwezi monga mmene mwauonera.