Mboni zikamatsutsana, buku silitulika

Tiyerekeze kuti mbuzi yasowa pa Chezi tsiku la msika. Mayi wogulitsa tomato akuti waona mnyamata wa malaya ofiira akuikoka kulowera njira ya ku Mvera. Wa kabaza akuti ayi, mbuziyo yakwezedwa minibasi yopita ku Salima. Mwini wake naye ali ndi munthu amene akumuganizira. Kodi inu mungachoke pabwalo la amfumu onsewa asanamalize kuyankhula?

Nzeru yomweyi ndiyo alembi a mabuku a zaumbanda amakolera nayo owerenga. Mmalo moti munthu mmodzi afotokoze nkhani yonse, mlembi amapereka mpata kwa anthu angapo, aliyense n'kunena zimene waona zokha.

Mmodzi mwa oyamba kutchuka ndi njirayi ndi Wilkie Collins wa ku England. Buku lake la The Moonstone, lomwe linatuluka mu 1868, likunena za mwala wa dayamondi womwe unasowa usiku wa tsiku lomwe mtsikana Rachel Verinder anakwanitsa zaka 18. Woyamba kufotokoza ndi mkulu wa antchito a pakhomo, Gabriel Betteredge, kenako Miss Clack, loya wa banjalo ndi ena, aliyense gawo lake.

Chokoma chili apa: Rachel anamuona ndi maso ake amene anatenga mwalawo, koma iye sanapatsidwe gawo lofotokoza. Amene anautenga, Franklin Blake, ali m'gulu la ofotokozawo ndipo akusaka wakuba ndi mtima wonse, osadziwa kuti anachita ndi iye yemwe atamwetsedwa mankhwala ogonetsa.

Ku Japan, Ryunosuke Akutagawa anatulutsa In a Grove mu 1922. M'nkhaniyi muli imfa imodzi koma anthu atatu akuvomera kuti anapha ndi iwo: chigawenga, mkazi wa malemuyo, komanso malemu eniake kudzera mwa wobwebweta. Woweruza amatsala ndi wowerenga.

Naye Paula Hawkins, yemwe anabadwira ku Harare m'dziko la Zimbabwe, anagwiritsa ntchito amayi atatu, Rachel, Megan ndi Anna, m'buku la The Girl on the Train la mu 2015. Rachel amamwa mowa mpaka kuiwala za dzulo, choncho umboni wake sungaudalire, koma sungautayenso.

Njirayi imagwira mtima pa zifukwa zitatu. Choyamba, mlembi amadula nkhani ya mmodzi pamene yafika pokoma n'kulumphira kwa wina, iwe n'kumangotsegula masamba. Chachiwiri, nthawi zina wowerenga amadziwa zimene wofotokoza sakudziwa, ndiye amamuona akulowa m'msampha koma sangamuchenjeze. Chachitatu, maumboni akasemphana wowerenga amasanduka wapolisi, kumafufuza yemwe akunama, yemwe waiwala ndi yemwe akubisa pofuna kuteteza wina.

Izi zili ndi phunziro kunja kwa buku. M'misika yathu anthu amenyedwa, ena kuotchedwa kumene, chifukwa munthu mmodzi wakuwa kuti wakuba. Mwana wozolowera mabuku otere amaphunzira kufunsa kuti wonenayo anaima pati, waona chiyani, nanga apindulapo chiyani.

Makolo, madzulo ano yesani masewerawa pakhomo. Ndiwo zikasowa mumphika, ana anene mmodzimmodzi, wina asadule mnzake, ndipo chigamulo chidikire womaliza. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.