Telala Sadula Nsalu Asanamuyeze Munthu

M'makonde a masitolo ku Limbe ndi mumsika wa Ndirande muli atelala amene amasunga achinyamata ophunzira ntchito. Wophunzira sapatsidwa chitenje cha kasitomala tsiku loyamba. Amayamba n'kupalasa makina opanda ulusi, kenako kusoka mizere pa zigamba, kupinda m'mphepete ndi kuika mabatani. Sizasi amaigwira mochedwa. Kuyeza munthu wamoyo, amene amapuma, kutembenuka ndi kudandaula kuti "apa pakundithina", ndilo phunziro lomaliza komanso lovuta koposa. Umu ndi mmenenso amakulira wophunzira wa occupational therapy, ntchito yothandiza munthu amene wadwala, wavulala kapena wabadwa ndi ulumali kuti azitha kudzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuvala, kudya, kusewera, kupita kusukulu ndi kupeza ndalama.

Kale Amalawi ochepa amene ankagwira ntchitoyi ankakaiphunzira kunja, ena ku Kilimanjaro Christian Medical Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania. Lero maphunzirowa akupezeka kuno kwathu ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu yomwe idayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Oti athandizidwe ndi ochuluka zedi, chifukwa kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina.

Zaka zoyamba ndi za zigamba zija. Wophunzira amaloweza mafupa, minofu ndi mitsempha, amaphunzira mmene ubongo umalamulira dzanja, mmene mwana amakulira, ndi mmene matenda a maganizo amamulandira munthu chilakolako chodzisamalira. Amapinda zigongono za anzake m'kalasi n'kuyeza kuti zikupindika kufika pati. Zimenezi n'zofunika, koma mnzake wa m'kalasi samva ululu ndipo sadera nkhawa za lendi.

Akalowa m'wodi pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri timangoti ku Gulupu, kapena ku Kachere komwe amathandizira anthu ofa ziwalo, ndiye kuti wapatsidwa nsalu ya eni ake. Amakumana ndi mnyamata wa kabaza wothyoka msana, mwana amene malungo a muubongo adamusiya asakuyankhula, ndi khanda lopsa ndi phala. Dzanja lopsa likasiyidwa, chipsera chimakoka zala mpaka kufumbata osatambasukanso. Wophunzira amafewetsa pulasitiki yapadera m'madzi otentha, kuiumba motsatira dzanjalo kuti zala zikhale moyenera, kenako kuimanga. Pakapita kanthawi amaimasula n'kuyang'ana khungu. Pakafiira penapake ndiye kuti pakuthina, abwerere kumadzi otentha. Womuyang'anira amaima pambali, ndipo wabwino salanda ntchitoyo, amangofunsa kuti, "Chala chachikuluchi mwachiika chonchi chifukwa chiyani?"

Koma muyeso weniweni suli pa dzanja pokha. Tiyerekeze mayi wa ku Ndirande, wogulitsa mandasi, amene sitiroko yamupha mbali ya kumanja. Buku la m'kalasi, lolembedwera ku London kapena ku America, lidzanena za chogwirira cha m'bafa, chimbudzi chokhalira ndi foloko yapadera. Mayiyu amasambira m'beseni, chimbudzi chake n'chokumba chofuna kunjuta, amaphikira pa mbaula ali chowerama, ndipo nyumba yake ili pamtunda pomwe njinga ya olumala singakwere mvula ikakokolola njira. Kumupatsa malangizo a m'buku osasintha kanthu kuli ngati kumuveka jekete ya pa kaunjika yosokedwera munthu wina wa dziko lozizira. Wophunzira amene wayamba kukhwima amakoka mpando, kukhala pafupi ndi bedi n'kufunsa: "Amayi, kunyumba mumaphikira pati? Madzi mumatunga kutali? Mukadzuka m'mawa mumayamba n'chiyani?"

Mayankho ndiwo amabala chithandizo. Mayiyo amaphunzira kuti povala bulauzi ayambe kulowetsa mkono wofooka, povula ayambe ndi wabwino. Sipuni amaikulunga mphira wa chubu cha njinga kuti chigwiriro chinenepe, zala zofooka zithe kuigwira. Kalipentala wa pafupi amaboola mpando wathabwa woti auike pa dzenje la chimbudzi. Mbaula amaikweza pa njerwa, poto n'kumutchinga kuti asamazungulire pamene dzanja limodzi likuvundula nsima. Kwa mwana wosatha kukhala yekha, makatoni omata ndi phala la ufa amasanduka mpando wolimba womugwira msana. Ndipo gadiyani, amene nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi kapena mchemwali wogona pansi pambali pa bedi, naye ayenera kuphunzitsidwa, makamaka chinthu chomwe chikondi chimakana: kuleka kumuchitira wodwala zonse. Munthu womudyetsa, kumusambitsa ndi kumuveka miyezi yambirimbiri amaiwala zomwe akadatha kuchita yekha.

Fanizo la telala lili ndi malire ake, ndipo wophunzira awadziwe msanga. Nsalu siikana, pomwe munthu amasankha. Wophunzira angafunitsitse kuti agogo aphunzire kumanga mabatani, koma agogowo n'kumati chomwe akufuna n'kukafika kutchalitchi Lamulungu, kapena kugwiranso khasu kudimba. Kumvera zimenezo, n'kusiya dongosolo lomwe unalikonza usiku wonse, ndi luso lomwe silibwera ndi mayeso olemba. Limabwera wophunzira akamalemba madzulo aliwonse zomwe zayenda ndi zomwe zakanika, akamalola kudzudzulidwa, ndiponso akamalimba mtima kuyankhula pamaso pa madokotala ndi anamwino kuti wodwala uyu, ngakhale bala lapola, sanakonzeke kupita kwawo.

Pomaliza maphunziro amalembetsa ku Medical Council of Malawi, n'kupeza anzake ku bungwe la Occupational Therapy Association of Malawi. Anzakewo adzawafuna kwambiri, pakuti atha kutumizidwa ku chipatala komwe adzakhale yekha wa ntchitoyi, anthu n'kumamusokoneza ndi wa physiotherapy, pulasitiki ija kulibe, womufunsa chifukwa chake nayenso kulibe.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti gawo la maphunziro losayenera kuchepetsedwa, ndalama zikavuta, ndi la kuyendera odwala kwawo. Wophunzira aliyense asanalandire digiri akwere minibasi ya ku Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa, atsike pa siteji, ayende wapansi njira yomwe wodwala wake adzayende, ayeze khomo la chimbudzi ndi tepi, aone kutalika kwa sitepe ya pakhonde. Okonza bajeti ya sukulu ndi ya zipatala aike ndalama za ulendo umenewu pamzere umodzi ndi za mabuku.