Udindo wa Mabungwe Posunga Mbiri za Anthu

Bungwe lililonse, kaya ndi chipatala, sukulu, banki kapena parishi, limalemba maina a anthu, zaka zawo, matenda awo, ngakhale chipembedzo chawo. Tsono tidzifunse: kodi mwini wa zolembedwazi ndani? Ife tikuti mwini wake ndi munthu wolembedwayo. Bungwe langosungizidwa chabe.

Zimene zidachitika ku Netherlands zitiwonetsa kulemera kwa nkhaniyi. Boma la kumeneko lidali ndi kaundula wolongosoka, wosonyezanso chipembedzo cha munthu aliyense, ndipo cholinga chake sichidali choipa. Koma Ajeremani atalanda dzikolo mu 1940, kaundula yemweyo adawathandiza kusaka Ayuda, kotero kuti mwa Ayuda pafupifupi 140,000, oposa 100,000 adaphedwa. Wolemba dzina lero sadziŵa amene adzaliŵerenge maŵa.

Ndiye gwero la nzeru imene tiipeza m'lamulo la maiko a ku Ulaya lotchedwa GDPR, limene lidayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Lamuloli likuti bungwe lizifunsa zokhazo zofunika pa ntchito yake, lizifotokoza cholinga chake, ndiponso lisasunge zolembedwazo kupitirira nthaŵi yoyenera. Wolinyozera amalipitsidwa: mu 2023 kampani ya Meta idalamulidwa kupereka mayuro 1.2 biliyoni. Dziko la Malaŵi nalonso lidakhazikitsa lamulo lake loteteza mbiri za anthu mu 2024.

Ife ansembe nkhaniyi ikutikhudza, pakuti Kanoni 220 ya Malamulo a Mpingo a 1983 ikuletsa kuipitsa mbiri ya munthu popanda chilungamo kapena kumuphwanyira ufulu wa chinsinsi chake. Choncho mabuku a ubatizo ndi a ukwati, pamodzi ndi kompyuta ya m'ofesi ya parishi, zisakhale poyera. Akhristu akaleka kutikhulupirira adzayamba kutibisira zoona, ndipo mbusa wobisiridwa zoona sangathe kuŵeta nkhosa zake.