Sitima yamphamvu imene njanji zamakono zinaikana

Mu 1960 fakitale ya ku Swindon, ku Britain, inatulutsa Evening Star, mutu wa sitima ya malasha womaliza kupangidwa ndi British Railways. Unali wa mtundu wa 9F, ndipo mitu yotere inapangidwa 251 kuyambira 1954. Lero palibe ndi umodzi womwe umene umaloledwa kuyenda pa njanji zikuluzikulu za dzikolo.

Nkhani yagona pa magudumu. 9F ili ndi magudumu akuluakulu khumi okoka, asanu mbali iliyonse, omangiriridwa pa chitsulo chimodzi chosapindika. Kuchokera pa gudumu loyamba kufika pa lomaliza pali mamita 6.6. Njanji ikamawongoka palibe vuto, koma pokhota zili ngati kulowetsa nsungwi yaitali m'kanjira kokhotakhota: nsonga zimagunda uku ndi uku. Magudumu amakanda njanji, kuzikankhira kunja, mwinanso kukwera pamwamba pake. Ku Soviet Union anaziona ndi AA20, sitima yopangidwa mu 1934 ya magudumu okoka 14, imene inkatasula njanji ndi kuwononga mphambano mpaka anaiimitsa.

Amisiri a 9F anapeza nzeru. Gudumu la sitima limakhala ndi kamlomo m'mbali mwake kamene kamalitsekera kuti lisachoke pa njanji. Iwo anachotsa kamlomoko pa magudumu awiri apakati, n'kuwakulitsa m'lifupi, kuti pokhota azitsetsereka mopingasa popanda kukakamira. Zinatheka ndithu, ndipo sitimazi zinakoka malasha ndi miyala ya chitsulo modalirika.

Nzeru yomweyo ndi imene yazitsekera njira lero. Pa mphambano zamakono amaika kanjanji kotchinjiriza m'kati, kokwererapo m'mwamba kuposa njanji yeniyeni. Gudumu lokhala ndi mlomo limadutsa bwinobwino m'mpata wake, koma lopanda mlomo lija likatsetserekera m'kati lingathe kukagunda n'kudumpha. N'chifukwa chake ma 9F otsala amangoyenda pa njanji zakale zosamalidwa ndi anthu okonda sitima, pamene Tornado, sitima ina ya malasha ya magudumu okoka asanu ndi limodzi, inathamanga makilomita 160 pa ola mu 2017 pa njanji yaikulu.

Ine ndimaona kuti mmisiri Herbert Garratt ndiye anaganiza patali. M'malo mochotsa milomo, anagawa magudumu m'magulu awiri otembenuka paokha, thanki yowiritsira madzi n'kulendewera pakati. Ma Garratt a kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester anakoka katundu zaka zambiri ku Zimbabwe ndi ku Zambia, pa njanji zopapatiza za mamilimita 1,067 zodzaza ndi makona.