Akatswiri amaona bwanji ubongo ukugwira ntchito?

Omvera athu, ambirife timadziwa kashiamu ngati cholimbitsa mafupa, uja timamupeza mu mkaka ndi m'matemba. Komatu ali ndi ntchito ina m'ubongo.

Ubongo uli ndi maselo ang'onoang'ono amene amatumizirana mauthenga. Selo ikakhala phee, kashiamu wa mkati mwake amachepa kuwirikiza pafupifupi 10,000 poyerekeza ndi wa kunja kwake. Ikangotumiza uthenga, timakomo take timatseguka ndipo kashiamu amakhamukira mkati. Choncho amene waona kashiamu akulowa, waona selo ikulankhula.

Nanga angamuone bwanji? Yankho lidachokera kunyanja. Mu 1962, Osamu Shimomura wa ku Japan adalengeza kuti wapeza chinthu chimene chimawala chikakumana ndi kashiamu, m'kanyama ka m'nyanja ya mchere kotchedwa jellyfish. Mu 1985, Roger Tsien ndi anzake ku America adapanga utoto wotchedwa fura-2, umene umasintha kawalidwe kashiamu akachuluka. Awiriwa, pamodzi ndi Martin Chalfie, adalandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa cha puloteni ina yowala mobiriwira yochokera ku kanyama komweko. Njira yotchuka lero ndi GCaMP, ya mu 2001: selo imaphunzitsidwa kudzipangira yokha puloteni yowalayo. Akatswiri amaiyang'ana ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono, mwa mbewa kapena mwa tiana ta nsomba toonekera mkati.

Ubongo wabwino umaoneka ngati ziphaniphani kudambo: ichi chawala apa, icho chawala uko, chilichonse pa nthawi yake. Koma nyama ikagwidwa khunyu, maselo ambirimbiri amawala nthawi imodzi, kuwalako nkumafalikira ngati moto wolusa m'tchire. Apa mpamene ife tidachita chidwi. Matenda amene kumudzi kuno ena amati ndi ufiti kapena mizimu, akatswiri amawaona ndi maso: ndi maselo amene achita phokoso onse pamodzi. Nchifukwa chake khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu la wodwalayo.

Musapite kuchipatala kukapempha kuyezedwa motere, chifukwa njirayi ndi ya kafukufuku pa nyama. Kwa anthu, madokotala amafunsa amene adaona wodwala akugwa, ndipo m'zipatala zikuluzikulu amayeza ndi makina a EEG, omata timawaya pamutu. Mankhwala monga phenobarbital ndi carbamazepine amakhazika maselo aja pansi, bola kumwa tsiku lililonse osadumphitsa, ngakhale patapita miyezi munthu asadagwe.