Womenya Wamangidwa, Nanga Womenyedwa Amupukute Misozi Ndani?

Pamene tiyendera miphakati m'midzi yozungulira Chipata, timapeza nkhani imodzi imene ibwerezedwa kawirikawiri. Mlimi acokera kogulitsa nshawa, acifwamba amugwira panjira, amuthyola mkono ndi kumulanda ndalama. Apolisi agwira mmodzi, khoti imutumiza kundende, anthu nati cilungamo cacitika. Koma kunyumba munda wagonera, ana aleka sukulu, ndipo mbuzi zatha kugulitsidwa cifukwa ca maulendo a kucipatala.

Ambiri aife sitidziwa kuti mlandu wa kumenya munthu ndi wa Boma. Amene auyendetsa ndi a National Prosecution Authority, ndipo womenyedwa amaima monga mboni cabe. Ngati cilango cacepa, sangacite apilo iye mwini. Ndende ilanga wolakwa, koma siigula feteleza.

Komabe njira ziripo. Lamulo la Criminal Procedure Code, Caputala 88, lilola khoti kulamula wolakwa kuti alipire munthu amene anavulazidwa. Tsono uzani woimira Boma pamlandu za zonse zimene munataya, ciweruzo cisanaperekedwe. Mukakhala cete, nkhani ya malipiro ingathe kupitirira osachulidwa.

Njira yaciwiri ndi kusuma mlandu wanuwanu wofuna cipukuta misozi. Uwu ndi wosiyana ndi mlandu wa Boma, ndipo pa uwu muli ndi ufulu wa apilo. Ngati Local Court yagamula mosakukhutiritsani, pitani kwa majisitireti asanathe masiku 30. Kucokera kumeneko mlandu ungakwere ku High Court, imene iriko konkuno ku Chipata. Amene alibe ndalama za loya afunse ku Legal Aid Board.

Makolo anati mlandu suola. N'zoona, koma umboni umaola. Bala likapola, dokotala alemba ciani? Tengani fomu ya cipatala kupolisi tsiku lomwelo, isainidwe ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, kapena kucipatala ciriconse ca Boma cimene ciri pafupi. Sungani malisiti a mankhwala ndi a basi. Lembani maina a amene anaona.

Kwa azimai ndi ana ozunzidwa m'nyumba, kupolisi kuli Victim Support Unit. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence la 2011 linakhazikitsanso thumba lothandiza ozunzidwa otere, ndipo mu 2016 ku Kabwe kunatsegulidwa khoti yoyamba yoweruza milandu imeneyi mwamsanga.

Ticenjezenso za kukambirana kumudzi. Kuyanjana n'kwabwino, koma si bwino kuti abale alandire mbuzi usiku ndi kukakamiza wovulala kuti akacotse mlandu. Pa milandu ikuluikulu monga kugona mwana, mfumu kapena nyakwawa alibe mphamvu yothetsa nkhani.

Vuto lotsala ndi ili: wolakwa kawirikawiri ndi mmphawi mnzathu, alibe ngakhale nkhuku. Ku Britain, kuyambira 1964, Boma lenilenilo limalipira anthu ovulazidwa ndi acifwamba, ndipo wokanidwa angacite apilo. Ife tipempha aphungu athu a kuno kum'mawa kuti nkhani yotere akaikambe ku Nyumba ya Malamulo. Pakali pano, mnansi akavulazidwa, timuperekeze kupolisi ndi kukhoti, ndipo munda wace tikaulime.