Nkhani za Ulendo Wopita M'tsogolo

Mwazolowera nkhani zimene mpangankhani amachoka kumudzi kupita kutauni. Pali mtundu wina wa nkhani zopeka umene mpangankhani amadumpha zaka osasuntha pamalo. Ndege yonyamuka pa Chileka imakakusiyani ku Johannesburg tsiku lomwelo, koma makina a m'nkhanizi angakutsitseni pa Chileka pomwepo patapita zaka zikwizikwi.

Chitsanzo chotchuka ndi buku la H. G. Wells wa ku England lotchedwa The Time Machine, la mu 1895. Mpangankhani wamkulu, yemwe sanatchulidwe dzina, akufika m'chaka cha 802,701 n'kupeza mitundu iwiri ya anthu. A Eloi amakhala pamtunda. Ndi okongola, ofooka, amadya zipatso ndipo sagwira ntchito. A Morlock amakhala pansi pa nthaka, amayendetsa makina ndipo amaopa kuwala. Poyamba mlendoyu akuyesa kuti wafika kudziko la mtendere. Pambuyo pake akuzindikira kuti usiku a Morlock amatuluka kudzagwira a Eloi n'kukawadya, monga mmene munthu amachitira ndi mbuzi zake.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. Amangoti a Eloi ndi abwino, a Morlock ndi oipa, basi. Taonetsetsani: mitundu iwiriyi idachokera kwa makolo amodzi. A Eloi ndi zidzukulu za anthu olemera, a Morlock ndi zidzukulu za antchito awo. Wells ankaudziwa bwino moyo umenewu, pakuti amayi ake ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera ya Uppark, momwe antchito ankadutsa m'njira zapansi pa nthaka. Choncho chaka cha 802,701 chikunena za England wa mu 1895.

Alembi a kuno kwathu nawonso agwiritsa ntchito luso limeneli, ngakhale kuti alemba m'Chingerezi. Mu 2015 Shadreck Chikoti adatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani yochitika mu Africa zaka 500 zikubwerazo. M'chaka chomwecho Muthi Nhlema adalemba Ta O'reva, momwe Nelson Mandela akubwereranso n'kupeza dziko la South Africa litasakazika.

Mukafunsidwa za malo ndi nthawi ya nkhani yotere, tchulani nthawi ziwiri: imene mpangankhani wafikamo ndi imene mlembi ankalemba. Kenaka fotokozani vuto la nthawi ya mlembiyo limene lakuzidwa m'dziko lam'tsogololo.